Chithunzi Chopita ku Furancungo

Joana anali m'munda akukumba batata pamene anamva Emília akumuitana kuchokera kumsewu. Emília anali namwino pachipatala cha pa Tsangano, ndipo sankathamanga wamba, poti ankati namwino akathamanga anthu amayamba kufunsana kuti wafa ndani. Koma tsiku limenelo ankabwera chothamanga, dzanja limodzi litagwira kachipewa kake koyera kuti kasauluke.

"Joana! Siya zimenezo! A Artur apeza filimu!"

"Ukunama iwe!"

"Ndiname ine? Yachokera ku Malawi dzulo, ndiye si yakuda ndi yoyera ija ayi, ndi ya mitundu. Nsalu ya kapulana yofiira imatuluka yofiira ndithu. Koma anthu aithamangira kale, kwatsala malo a zithunzi ziwiri zokha. Ndawauza kuti akapatsa wina, tsiku lodzadwala malungo asadzandione."

Joana anaponya khasu uko, nalumpha mizere ya batata ngati mwana wa mbuzi. Anamukumbatira Emília ndi manja a dothi, yunifomu yoyera ija n'kukhala ndi zidindo ziwiri kumsana, koma palibe anadandaula. Anavina pamsewu pomwepo, amayi odutsa ndi mitolo ya nkhuni n'kumaima kuwayang'ana.

Nkhani yake inali yotere. Joana anali ndi bwenzi lake, mnyamata wa kwawo ku Ntengo-Wambalame, dzina lake Vasco. Vasco atamaliza maphunziro a uphunzitsi, boma linamutumiza kutali ku Furancungo, m'dera la Macanga. Ananyamuka atalonjeza kuti akadzabwera kutchuthi adzatuma ankhoswe. Koma nkhondo inakula, misewu inadzaza mabomba okwirira, ndipo wopita ku Furancungo ankayenera kudikira koluna, mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, umene unkayenda mwa apo ndi apo. Mphunzitsi sankaloledwanso kusiya sikola yake. Mvula inagwa n'kukata, inagwanso n'kukatanso, awiriwa osaonana. Moni yekha ndiye ankayenda, ndipo ankayendera pakamwa pa a Rafael, woyendetsa kamyau, galimoto yaikulu yonyamula nyemba.

Ulendo wapitawo a Rafael anabwera ndi mawu atsopano. "A pulofesori akuti moni sakuwakwaniranso. Akuti uwatumizire chithunzi, aziti akatopa ndi ana a eni aziona nkhope ya munthu."

Panali chinthu chimodzi chimene Vasco sankachidziwa. Chaka chapitacho, anthu a mfuti ochokera kutchire analowa m'mudzi mwa Joana dzuwa likungotuluka. Anakusa ng'ombe, anatentha nkhokwe, ndipo mmodzi wa iwo, pofuna kuti mudziwo usadzawaiwale, anamudula Joana khutu lakumanzere. Iye ndi amayi ake, a Terezinha, anathawira pa Tsangano pamene panali asilikali, ndipo amene anamutsuka balalo mpaka kupola anali Emília yemweyu. Kuyambira pamenepo mpango sunachoke kumutu kwa Joana, kalilole anasiya kumuyang'ana, ndipo a Rafael anawapempha kuti ku Furancungo asakatchule kanthu.

Koma tsiku la filimuli za khutu sanaziganizire n'komwe. Chibadwire anali asanajambulitsepo, ndipo mtima unkangoti phaphapha ngati akupita kuukwati.

M'mawa mwake nyumba ya a Terezinha inasanduka msika. Emília anabwera ndi diresi lake lachikasu, nsapato zosongoka kutsogolo, ndi mafuta onunkhira amene ankawasunga m'kabotolo kakang'ono ngati mankhwala a m'maso. Woyandikana nawo nyumba anabweretsa mikanda. Wina anabweretsa wotchi yakufa, nati pachithunzi palibe amene adzamve ngati ikuyenda. Anamuluka tsitsi, anamudzoza, anamutembenuza uku ndi uku, aliyense akulamula zake.

A Terezinha anadikira kuti phokoso lichepe, kenaka anatenga mpango n'kumumanga okha mwana wawo, akukoka mfundo mpaka Joana anatsinzina.

"Umange chonchi, usakhudze," anatero. "Mwamuna amayamba kukwatira ndi maso, mtima umachita kubwera pambuyo. Zinazo akadzazionera m'nyumba."

"Ndamva, amayi."

Anafika kwa a Artur dzuwa lili paliwombo. A Artur anali bambo wamfupi wadazi, wolankhula ngati wailesi. Kale anali ndi chipinda chojambuliramo, chokhala ndi nyale zikuluzikulu ndi nsalu yakumbuyo yojambulidwa sitima yapamadzi. Koma chizimire magetsi nyalezo zinangokhala zomangirapo akangaude, ndipo ntchito imene inawatsalira inali yojambula mitu ya anthu pakhoma la ofesi ya boma, zithunzi zomata pa ziphaso. Ntchito imeneyo ankaida. Ankati munthu akaima pakhoma paja amaoneka ngati wagwidwa ndi nkhuku yakuba.

Atangomuona Joana, a Artur anagwira kumutu.

"Epa! Nthawi ino? Ndi diresi limenelo?"

"Lalakwa chiyani diresi langa?" anafunsa Emília, manja ali m'chiuno.

"Diresi ndi labwino, amayi anamwino, koma kumene ndikufuna kumujambulira masamba onse ndi achikasu. Akavala chikasu, a pulofesori adzachita kumufunafuna ngati nkhwali m'udzu. Mupezereni chobiriwira ngati mtambo. Ndiye dzuwa ili, taonani." Anamukokera Emília pabwalo n'kumuimika. "Joana, tayang'ana mnzakoyu. Maso ake ukuwaona?"

Joana anayang'anitsitsa. Pamene panayenera kukhala maso panali maenje awiri akuda, ndipo mthunzi wa mphuno unagwera pamlomo ngati ndevu. Anaphulika kuseka.

"Waona? Dzuwa la masana ndi mdani wa nkhope. Mubwere likapendeka, mthunzi wanu ukatalika kukuposani eni ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo inu anamwino mubwere ndi nsalu yoyera ya pabedi, yaikulu."

Masana amenewo anatalika ngati chaka cha njala. Joana anavula chikasu n'kuvala bulauzi yoyera ndi kapulana ya amayi ake yamtambo, imene inkatuluka m'bokosi pa Pasaka pokha. Sanadye, kuopa kudontheza. Kukhala pansi anakana, kuopa makwinya. Ankangotuluka panja kukayeza mthunzi wake n'kubwerera, kutuluka n'kubwerera, mpaka a Terezinha anati, "Iwe, dzuwalo ukaliyang'anitsitsa lichita manyazi, liima."

Mthunzi utatalika ananyamuka. A Artur anali patsogolo, makina awo akulendewera pakhosi m'chikwama chachikopa, ndipo pambuyo pawo panali Joana, Emília ndi nsalu yake, ndi chigulu cha anthu amene palibe anawaitana. Analowera kumapeto kwa tauni, kumene kunali munda wa mapichesi wosiyidwa ndi Mpwitikizi wina amene anathawa kalekale. Msilikali wa pampata anawaimitsa, koma atamva za ulendowo anangoti asapitirire mitengo yomalizira, kenaka nayenso anakoleka mfuti paphewa n'kuwatsatira.

Inali nyengo ya masika, mwezi wa Mayu. Mvula inali itatsuka fumbi lonse m'mwamba, ndipo utsi wa lupsa unali usanayambe, choncho mapiri a ku Malawi ankaoneka pafupi ngati ungawakhudze. Chimanga chinali chitaima m'mikukwe. M'mbali mwa njira maluwa a deliya anali atachita chikasu chokhachokha, ndipo mapichesi aja anali atayamba kuthothola masamba, ena achikasu, ena ofiirira, pansi ponse pali waa. Joana ankadutsa pamenepa kawirikawiri popita kokatola nkhuni, koma anali asanapaonepo chonchi.

A Artur anasiya nthabwala. Anayenda pakati pa mitengo atatambasula chikhato, akuchitembenuza uku ndi uku n'kumachiyang'ana ngati sing'anga.

"Akufuna chiyani?" anafunsa msilikali uja.

"Ndikufuna pamene kuwala kukugwa mofewa," anayankha osacheuka. "Apa ayi, masamba amuwaza mawanga kumaso, aoneka ngati nkhanga. Apa... eya, apa! Joana, bwera."

Anamuimika patsogolo pa mtengo umodzi, koma motalikirana nawo, dzuwa lili kumbuyo kwake chakumbali.

"Nanga dzuwa likhala kumbuyo?" anadabwa Emília. "Sada ameneyu?"

"Ndiye ntchito ya nsalu yanuyo. Imani apa, itambasuleni, iyang'ane dzuwa. Kwezani pang'ono. Pendeketsani. Basi, pomwepo!"

Anthu anati "Aaa!" onse pamodzi. Nsalu ija inatola dzuwa n'kulibwezera kumaso kwa Joana, ndipo nkhope yake inayera mofatsa ngati wayandikira moto wa makala. M'mphepete mwa mapewa ake munadutsa kamzere ka golide. Joana sankadziona, koma ankaona maso a anthuwo, ndipo anamva kutentha m'masaya.

A Artur anagwada bondo limodzi, nayamba kupotokola galasi la makina awo pang'onopang'ono. Anamutembenuza Joana kuti tsaya lamanja ndilo liyang'ane kwa iwo, mbali ya bala ikhale kumthunzi. Sananene chifukwa chake, ndipo Joana anawathokoza chamumtima.

"Chibwano pansi pang'ono. Mapewa amasuke. Usayang'ane makina, yang'ana phiri ilo. Pronto!"

Makina anati tche!

Anthu anaomba m'manja, koma a Artur anadzuka akupukusa mutu.

"Chatuluka, koma ndi cha pachiphaso. Waima ngati msilikali pa mbendera, pepani a mfuti. Mwana iwe, a pulofesoriwo anakukonda uli chiwumire chonchi? Tatiuza, anakufunsira bwanji?"

"Aaa, a Artur, pagulu pano?"

"Ukakana ndinena ndine," anatero Emília kuseri kwa nsalu. "Ndimaidziwa yonse."

Joana anabisa nkhope, kenaka anayamba, mawu ali pansipansi. Anati linali Lamulungu, potuluka m'tchalitchi. Vasco anabwereka njinga ya amalume ake kuti aoneke munthu, ndipo pofika pamene panaima atsikana anasiya chiwongolero n'kupinda manja pachifuwa. Sanaone kuti kutsogolo kwagona nkhumba ya akatekisiti.

"Ndiye?" anafunsa a Artur, atagwadanso kale, diso lili pamakina.

"Ndiye njinga inapita kwake, nkhumba kwake, iwo anagwera pamapazi anga penipeni. Ali chigonere pansi, fumbi lili m'kamwa, anati, 'Joana, poti ndafika kale pansi, ndingonena zimene ndadzera.'"

Sanathe kumaliza bwino. Kuseka kunamutulukira kuchokera m'mimba, kuseka kumene anali atakuiwala, mutu n'kuugwetsera kumbuyo. Nthawi yomweyo mphepo ya pa Tsangano, ija imabwera osaodira, inatsika m'phiri. Masamba anauluka m'munda monse, nsalu ya Emília inafufuma ngati thanga la ngalawa, ndipo mpango uja, ngakhale unamangidwa ndi manja a mayi, unasomphoka n'kukakodwa panthambi. Joana anatembenuka kuti augwire, akusekabe.

Tche!

Kuseka kwa anthu kunazima. Joana anaphimba kumanzere kwa mutu wake ndi chikhato. Ambiri mwa anthuwo ankangomva kuti mtsikanayu anavulazidwa, koma anali asanaonepo. Msilikali uja anayang'ana pansi. Emília anathamanga kukatenga mpango.

"Mwajambula?" anafunsa Joana.

"Ndajambula," anatero a Artur. "Ndikanati chala chinaterereka, koma kungakhale kunama. Ndinaona chinthu chokongola ndiye ndinajambula. Zikabwera udzaziona wekha uli woyamba. Ukadzachikana, ndidzachitentha iwe ukuona."

Filimu inapita ku Malawi m'thumba la jekete la a Artur, iwo ali panjinga, chifukwa makina otsukira zithunzi za mitundu kuno kunalibe. Kuyambira tsiku limenelo Joana sankamva kulira kwa belu la njinga osatuluka panja. Mtima wake unali pawiri. Akakumbukira maso a anthu aja nsalu itamuwalitsa, ankamwetulira yekha m'munda. Akakumbukira mphepo ija, ankakokanso mfundo ya mpango wake.

Tsiku lina chakumadzulo belu linalira pakhomo penipeni. A Artur sanatsike n'komwe panjinga. Anamupatsa kaphukusi n'kunena kuti, "Ndili pamsika ukandifuna," napalasa.

Joana anakakhala kuseri kwa nyumba n'kumasula kaphukusi kaja. Choyamba chinali chija cha mpango. Anaona mtsikana waulemu, wovala bwino, maso ali kuphiri, milomo ili yotseka. Chinali chabwino ndithu, chokhoza kupachikidwa m'nyumba ya aliyense. Anachiika pamwendo n'kutulutsa chachiwiri.

Anachiyang'anitsitsa. Kumbuyo konse kunali chikasu chosungunuka, mitengo yosaoneka bwinobwino, masamba ali m'malere. Pakati pake panali iye, dzanja lili m'mwamba kuthamangira mpango, mano onse ali panja, m'maso muli timiyuni tiwiri. Dzuwa linali litayatsa nsonga za tsitsi lake. Ndipo pamene panali khutu panali chipsera, chosabisika, chowala pang'ono ngati chikopa chatsopano. Aka kanali koyamba kuchiona. Chinali chaching'ono kusiyana ndi mmene ankachimvera ndi zala.

"Mayo ine," ananong'ona. "Kodi ndine ameneyu?"

Anathamangira m'nyumba. "Amayi! Amayi, taonani!"

A Terezinha anapukuta manja, natenga zithunzi zonse ziwiri. Choyamba anachiyamikira. Chachiwiri anachiyang'ana, nachiyandikitsa kumaso.

"Umaseka ngati malemu bambo ako," anatero. Kenaka anadzilimbitsa. "Ichi tisunge m'bokosi. Utumize cha mpangochi."

"Ayi amayi, nditumiza ichi."

"Wapenga? Munthu sanakuone zaka, ndiye chinthu choyamba kuona chikhale bala? Ku Furancungo kulibe atsikana a makutu awiri?"

"Alipo. Ndiye ngati akufuna makutu asankhe konko, ine ndisanakwere koluna. Ndikatumiza cha mpango, adzanditenga, ndipo tsiku lodzavula mpango ndizidzayang'ana nkhope yawo ngati wakuba. Ine zimenezo ndatopa nazo, amayi. Komanso taonani, pamenepa ndakongola. Simukuona kuti ndakongola?"

A Terezinha anakhala pansi pamphasa. "Wakongola," anavomera. "N'chifukwa chake ndikuopa."

Koluna itabwera, Joana anakulunga chithunzi chija m'pepala la pulasitiki n'kukawapatsa a Rafael pamsika. A Rafael anapempha kuti achione. Atachiona analiza kaluzu, nachilowetsa m'thumba la malaya, lakumtima.

"Ndikanene chiyani?"

"Musakanene kanthu. Mukangowapatsa, ndiye mukawayang'ane kumaso. Pobwera mudzandiuze zoona zokhazokha."

Masamba a mapichesi anatha kugwa, mitengo inatsala mbulanda. Chisanu cha Juni chinafika ndi nkhungu yake. Kunamveka mphekesera yoti koluna ina yaomberedwa kupitirira Ulongwe, ndipo Joana anagona ndi njala mpaka atamva kuti inali yopita kwina. Kenaka tsiku lina masana kunamveka kulira kwa magalimoto kuchokera kumpoto, ndipo tauni yonse inakhamukira kumsika.

Kamyau ya a Rafael inali yachitatu. Anatsika pang'onopang'ono, anadziwongola, anapempha madzi akumwa, anayamba kufunsa mtengo wa kabichi. Joana anawagwira mkono.

"A Rafael, mundipha!"

"Ukufuna zoona zokhazokha, eti? Chabwino. Ndinawapeza m'kalasi. Ndinawapatsa. Anatsegula, anayang'ana. Anatuluka, anapita kuseri kwa sikola, ana n'kutsala okha."

 Emília, amene anali atafika, anamugwira Joana m'chiuno.

"Ndinawatsatira," anapitiriza a Rafael. "Ndinawapeza atatsamira khoma, akulira ngati mwana. Anandigwira pakhosi, akuti, 'Inu mumadziwa, osandiuza? Mtsikana anavutika yekha, ine ndili kuno ndikutumiza moni ngati chitsiru?' Ndinati pepani, ndinalumbiritsidwa. Anapukuta misozi, anayang'ananso chithunzi, anayang'ananso, kenaka nkhope inasintha. Akuti, 'A Rafael, tandiuzani bwino. Amene akumuseketsa chonchi ndani? Wojambulayo ndi wamkulu bwanji? Ngokwatira?'"

Emília anakuwa ndi kuseka mpaka anakhala pansi pathumba la nyemba la eni ake. Joana ankaseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Ndinawauza kuti ndi nkhalamba yadazi, koma sanakhulupirire. Akuti nkhani imeneyi isachedwenso. Tayang'ana kumbuyoko."

Pamwamba pa katundu pankatsika bambo wina wachikulire, jekete lake litafiira ndi fumbi, akufufuza pansi ndi phazi. Joana anawazindikira. Anali amalume ake a Vasco, a Clemente, eni njinga ija, amene anathawira ku Macanga nkhondo itavuta. Anabwera kudzakamba za ukwati, ndi kudzapempha kuti popeza mphunzitsi sangasiye sikola, mkazi ndiye atengedwe apite komweko.

Nkhani inayenda msangamsanga, poti koluna siidikira munthu. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi, anagwirizana. Chilolezo cha ulendo chinatuluka. A Terezinha anakana kutsala, anati mwana wawo sangakwatiwe iwo akumvera kwa oyendetsa galimoto. Emília analira pamene mnzake ankakwera, namuponyera kabotolo ka mafuta onunkhira kaja galimoto itayamba kale kuyenda. A Artur anathamanga m'mbali mwake akukuwa kuti, "Ukawauze a pulofesori kuti dazi langa ndi lenileni!"

Ulendo unali wautali ndi woopsa. Anakhala pamwamba pa matumba, iye, amayi ake, a Clemente, ndi wansembe wina wokalamba amene ankapita kukayendera Akhristu a ku Macanga, ndipo ankasinza njira yonse chipewa chili kumaso. Atapitirira Ulongwe magalimoto anayamba kukwawa. Pena ankaima, asilikali n'kutsika kukafufuza msewu wapansi, aliyense ali chete, maso ali kutchire. Anadutsa midzi yopanda munthu, udzu utamera m'makomo. Anadutsa galimoto yopsa itagona chammbali, ndipo a Terezinha anagwira dzanja la mwana wawo osalisiyanso. Koma Joana mantha ankamugwira n'kumusiya. Phiri lililonse likaoneka kutsogolo ankafunsa, "Ndi limeneli, amalume?" ndipo a Clemente ankati, "Ayi, apongozi, dekhani."

Kenaka, dzuwa litapendeka, a Clemente analoza okha. "Ilo. Tauni ili patsinde pakepo."

Wina m'galimoto yakutsogolo anayambitsa nyimbo, ndipo inayenda kuchokera galimoto ina kufika ina mpaka asilikali omwe analowa. Joana anaimirira pamatumba, amayi ake akumukoka kapulana kuti akhale pansi.

Anamuona asanatsike. Vasco ankathamanga kuchokera kusikola, wowonda kuposa kale, manja ali mbuu ndi choko, ndipo pambuyo pake pankathamanga kalasi yonse. Atafika pagalimoto anaima chilili, akupuma mwawefuwefu. Joana anatsika. Pamaso pa anthu onsewo anamasula mpango wake yekha n'kuupinda m'manja.

Vasco anayandikira. Anakweza dzanja, anazengereza, kenaka anakhudza chipsera chija ndi nsonga za zala, n'kusiyapo choko.

"Chimapweteka?"

"Kukazizira kokha."

"Kuno sikuzizira ngati kwathu," anatero. "Joana, wabweradi?"

"Nanga mukuona mzukwa?"

Ana a sikola anakuwa, amayi a pamsika anayamba nthungululu. Vasco anakumbukira ulemu mochedwa, nagwada kupereka moni kwa a Terezinha, amene anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Mwaonda, bambo. Kuno simudya?"

"Ndiyamba mawa, amayi." Anadzuka, maso ake akusakasaka pamwamba pa galimoto. "Kodi abambo mfumu abwera? Anandilonjeza kuti akwera koluna yomweyi."

"Awo akugona apowo?" anafunsa Joana.

"Omwewo! Maina athu anaitanidwa kale m'tchalitchi. Koma iwo sakhalitsa, akupitirira ndi koluna mawa masana, ndipo sitikudziwa kuti adzabweranso liti. Ndiye ukwati ndi mawa m'mawa."

"Mawa?" anakuwa Joana.

"Mawa?" anakuwanso a Terezinha, manja ali kumutu. "Zovala zili makwinya okhaokha, mwana ali fumbi mpaka m'nsidze, ufa sitinasinje, nkhuku sitinagule! Anthu inu a sikola mumaganiza ndi chiyani?" Anatembenukira kwa amayi a pamsika aja, anthu amene anali asanawaonepo chibadwire. "Inu amayi a nthungululu, tasiyani kaye phokosolo. Ndani ali ndi simbi ya makala? Nanga mtondo uli kwa yani?"

Amayi atatu anayankha nthawi imodzi. Mmodzi anasenza bokosi la a Terezinha, wina anamugwira Joana padzanja n'kuyamba kumukokera kunyumba kwake kuti akasambe, akumuuza Vasco kuti mkazi wake amuonanso mawa kutchalitchi. Joana anapita akucheuka, akuseka, ndipo Vasco anatsala pakati pa msewu ndi ana ake a sikola, mpaka a Rafael anamukuwira kuti abwere adzathandize kutsitsa wansembe.